Mmene Intaneti Imathandizira Anthu Wamba Kumveka

Intaneti ndi njira yolumikizira mafoni ndi makompyuta kuti azitumizirana mauthenga. Uthenga ukachoka pa foni umafikira pa nsanja ya netiweki ya kampani monga TNM kapena Airtel. Ukatero umadutsa m'mawaya n'kukafika pa foni ina, kaya ili ku Nsanje kaya ku Nairobi, m'kanthawi kochepa. Wotumiza amalipira pogula bandulo.

Anthu amene mawu awo amatsalira

Mu ulamuliro wa demokalase munthu aliyense ali ndi ufulu wolankhula zakukhosi. Ku Malawi ufuluwu uli mu gawo 35 la malamulo oyendetsera dziko. Komabe si onse amene amamveka. Pabwalo la mfumu amayamba kulankhula ndi akuluakulu, ndipo nthawi zambiri msonkhano umatha mayi wamasiye kapena mnyamata asanapatsidwe mpata. Munthu waulumali mwina safika n'komwe pabwalopo. Ku wailesi ndi ku nyuzipepala nako kuli mkonzi amene amasankha nkhani yoti ituluke. Pa intaneti munthu sadikira kulozedwa chala kuti alankhule.

Mmene uthenga umayendera

Choyamba ndi kujambula. Mayi amene mjigo wa m'mudzi mwawo unawonongeka kalekale akhoza kujambula chithunzi cha amayi akutunga madzi pachithaphwi. Ngati kulemba kumamuvuta, amadina kachizindikiro ka maikolofoni pa WhatsApp n'kufotokoza ndi pakamwa, m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka.

Chachiwiri ndi kugawana. Uthengawo umaponyedwa m'gulu la mpingo kapena la banki m'khonde, ndipo a m'gulumo amautumizanso kwa anzawo. Pa Facebook ndi pa X anthu amaika chizindikiro cha # kutsogolo kwa mawu amene agwirizana. Chizindikirochi chimasonkhanitsa mauthenga onse a nkhani imodzi, moti zimaoneka kuti odandaula ndi ochuluka bwanji.

Chachitatu ndi kufika kwa adindo. Atolankhani amatola nkhani zoterezi n'kukafunsa khansala kapena phungu wa deralo. Dandaulo la munthu mmodzi n'losavuta kulinyalanyaza, koma likakhala pakamwa pa anthu ambiri mtsogoleri amakakamizika kuyankha.

Zimene zinachitika ku Kenya

M'chaka cha 2024 boma la Kenya linabweretsa ku Nyumba ya Malamulo bilu yokweza misonkho. Mwa zina, biluyo inkafuna kuika msonkho wa 16 peresenti pa buledi komanso msonkho wina pa matewera a ana. Achinyamata, amene ambiri analibe udindo m'chipani chilichonse, anaiwerenga n'kuyamba kuifotokoza m'timakanema tatifupi pa TikTok, ena m'zilankhulo za kumudzi kwawo kuti makolo nawo amve. Anagawana manambala a foni a aphungu n'kumawatumizira mauthenga owauza kuti aikane. Mauthenga awo ankasonkhana pansi pa mawu akuti #RejectFinanceBill2024.

Zionetsero zinayamba mu June ku Nairobi n'kufalikira m'matauni ena. Boma linachotsa msonkho wa buledi uja, koma pa 25 June aphungu anavomereza mbali zotsala za biluyo. Tsiku lomwelo ochita zionetsero analowa kumpanda wa Nyumba ya Malamulo, apolisi anawombera ndipo anthu ena anafa. Pa 26 June Pulezidenti William Ruto analengeza kuti sasainira biluyo.

Zopinga

Foni yolowa pa intaneti ndi yodula, bandulo imatha msanga, ndipo m'midzi yambiri mulibe magetsi, moti kutchaja foni n'kolipira pamsika. Choncho osaukitsitsa, makamaka amayi akumudzi, amatsalirabe. Boma likhozanso kutseka njirayi. Ku Zambia, pa tsiku la chisankho la 12 August 2021, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa.

Vuto lina ndi bodza, limene limayenda mofulumira ngati mmene choonadi chimayendera. Chithunzi chakale chikhoza kutumizidwa ngati cha lero. Munthu asanatumize uthenga kwa ena ayenera kudziwa amene wauyambitsa, kumene zachitikira ndi tsiku lake. Ku Malawi kuli lamulo la 2016 loona za mauthenga a pa intaneti, ndipo woopseza kapena kuzunza mnzake pa foni akhoza kuimbidwa mlandu.

Intaneti imafikitsa dandaulo kwa atsogoleri ndipo imasonyeza kuchuluka kwa anthu amene akugwirizana nalo. Koma siilowa m'malo mwa msonkhano wa m'mudzi kapena chisankho. Khansala, phungu ndi pulezidenti amasankhidwabe ndi voti ya munthu amene analembetsa m'kaundula n'kupita kukaponya yekha.