Mphaka Wosaganiza Yekha

Anzanga, pa holide yapitayi ndinakacheza kwa azakhali anga amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Area 10 mumzinda wa Lilongwe. Ndinapeza mwana wa abwana awo, wa Sitandade 5, akuyendetsa kamphaka pa kompyuta. Ine wa Fomu 2 manyazi anandigwira, poti ngakhale mausi ndinali ndisanayigwirepo.

Pulogalamuyo dzina lake ndi Scratch. Inapangidwa pa yunivesite ya MIT ku America ndi gulu la a Mitchel Resnick, n'kutuluka mu 2007, ndipo ndi yaulere. Sumalemba mawu ovuta ayi. Malamulo ali m'timidadada tamitundumitundu, iwe umangotikoka n'kutisanja ngati njerwa. Ukadina kambendera kobiriwira, mphaka amatsata malamulowo kuyambira pamwamba kutsika m'munsi.

Tiyerekeze ukufuna mphakayo ayende njira ya sikweya. Umamuuza kuti ayende masitepe 100, kenako atembenuke madigiri 90. Ukhoza kusanja zimenezi kanayi, timidadada n'kukwana 8. Koma pali kamdadada kena kolembedwa kuti repeat, kooneka ngati pakamwa poyasamula. Umalembapo 4, n'kulowetsa malamulo awiri aja m'kamwamo. Basi, yatheka ndi timidadada titatu.

Ine kotembenuka kaja ndinakasiya kunja kwa kamwa. Mphaka anangoliyatsa chamtsogolo mpaka kukakanirira m'mphepete mwa sikirini. Mtima unangoti myuu, ndimvekere ndawononga kompyuta ya eni, ntchito ya azakhali yatha. Mwana uja anaseka. "Sinawonongeke achimwene, yachita zomwe mwaiuza." Zoonadi, wolakwa ndinali ine. Nditakalowetsa mkati, mphaka anazungulira n'kubwerera pomwe anayambira.

M'tauni momwemo muli mHub, yomwe a Rachel Sibande anakhazikitsa, ndipo yakhala ikuphunzitsa ana ndi atsikana kupanga mapulogalamu. Koma ife kuno ndalama ya minibasi yokafikira ku depoti ya ku Old Town tiitenga kuti? Tikamadikira kompyuta, ana a Sitandade 5 atisiya kutali.

Nde ndalemba malamulowa pa zidutswa za katoni. Lachisanu pa buleki tikumane kuseri kwa kalasi ya Fomu 2. Mmodzi adzakhala mphaka, ndipo saloledwa kuganiza, azidzangochita zomwe makatoni anena. Ntchito yoyamba ndi thirayango ya mbali zofanana. Mphaka atembenuke madigiri angati? Ambiri munena kuti 60. Yesani kaye kuyenda nokha pabwalo musanabwere, ndipo amene ali ndi katoni ya sopo kunyumba atenge.