KUTSIMPHINA KWA ABULU NDI AKAVALO

Nyengo yokolola ikafika, ngolo za abulu zimachuluka m'misewu ya kumidzi, makamaka m'maboma a Lilongwe ndi Dedza. Imeneyi ndiyonso nyengo imene abulu ambiri amayamba kutsimphina. Bulu akaleka ntchito, chimanga chimatsalira kumunda ndipo mwini wake amalipira ngolo ya mnzake. Akavalo ndi owerengeka m'dziko muno, koma miyendo yawo imadwala monga ya abulu, ndipo kasamalidwe kake n'kamodzi.

Kupeza Mwendo Wodwala

Bulu ndi nyama yobisa ululu. Pamene wayamba kutsimphina poyera, ndiye kuti wavutika masiku ambiri. Mlimi ayenera kumuyendetsa pa nthaka youma ndi yosalala, wina ataima patsogolo. Ngati mwendo wodwala uli wa kutsogolo, mutu umadzuka pamene mwendowo uponda pansi, ndipo umatsika pamene wabwinowo uponda.

Kawirikawiri choyambitsa chimakhala m'chiboda. Chotero ayambe wanyamula phazi ndi kuchotsa matope ndi timiyala. Akapeza msomali wolowa mkati, aitane mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo, pakuti bala lotere limabweretsa kafumbata, matenda amene amapha abulu ndi akavalo ambiri. Ngati chiboda chili bwino, apapase mwendo wonse kukwera m'mwamba, kufuna malo otentha kapena otupa, nalinganize ndi mwendo unzake.

Nyamakazi ya m'Mfundo

Pamene mafupa awiri akumana pali mfundo. Nsonga za mafupawo zimakutidwa ndi mnofu wolimba woterera, ndipo mkati muli madzi amene amagwira ntchito monga girisi pa gudumu la ngolo. Katundu wolemera, misewu ya miyala, ziboda zotalika ndi ukalamba zimaperepesa mnofu uja, kufikira mafupa ayamba kukhuzana. Imeneyi ndiyo nyamakazi. Chizindikiro chake n'chakuti nyama imauma miyendo m'mawa, makamaka m'miyezi yozizira ya June ndi July, koma ikayenda pang'ono imamasuka. Imavutikanso potsika mtsetse ndi podzuka pamene yagona.

Mnofu umene watha sumeranso. Komabe bulu wosamalidwa bwino angathe kugwira ntchito yopepuka zaka zina zingapo.

Zoyenera Kuchita

1. Bulu amene watsimphina mwadzidzidzi amasulidwe ku ngolo, apumule kufikira atachira. Malo otupa athiridwe madzi ozizira mphindi 15, kawiri pa tsiku.

2. Wa nyamakazi asamangidwe pamodzimodzi tsiku lonse. Kuyenda pang'onopang'ono kubusa kumafewetsa mfundo.

3. Ziboda zidulidwe ndi munthu wodziwa pakatha milungu 6 mpaka 10. Chiboda chotalika chimapotoza mwendo wonse.

4. Khola likhale louma, ndipo pogona payalidwe udzu wambiri.

5. Katundu achepetsedwe ndi kuikidwa pamwamba pa magudumu, kuti asalemere ku khosi. Goli ndi la ng'ombe. Bulu amakoka bwino ndi lamba wa pachifuwa.

6. Mwana wa bulu asamangidwe ku ngolo asanakwane zaka 4, chifukwa mafupa ake amakhala asanakhwime.

Zosayenera

Alipo ena amene amatema mphini kapena kuotcha mfundo yotupa ndi chitsulo chamoto. Kutero sikuchiritsa, koma kumangoonjezera bala pamwamba pa matenda. Mankhwala ochepetsa ululu otchedwa phenylbutazone alipo, koma muyeso wake aunene ndi dokotala wa ziweto yekha, popeza akapyola amaononga mimba ndi impso. Mlimi akumbukirenso kuti mankhwalawa amangobisa ululu. Kuona bulu akuyenda bwino atamwa mankhwala si chifukwa chomubwezera ku katundu wake wakale.

Mlimi wanzeru amayang'ana mapazi onse anayi m'mawa uliwonse asanamange ngolo. Ntchito imeneyi siitha ngakhale mphindi 5. Aliyense amene bulu kapena kavalo wake watsimphina masiku awiri osasintha apite msanga kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lake.