Malangizo: Ulendo wa pagalimoto m'mbali mwa nyanja

Lero tikambe za ulendo wa masiku angapo pa msewu wa M5, kuchokera ku Salima mpaka ku Nkhata Bay.

Choyamba, musathamange. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100 basi. Gonani ku Senga Bay, m'mawa mulawirire. Kukada musayende. Msewuwu m'malo ambiri ndi wopapatiza, m'mbali mwake munadyeka, ndipo akabaza, mbuzi ndi anthu oyenda pansi amatulukira mwadzidzidzi.

Tsiku lachiwiri imani pa mlatho wa Chia. Asodzi amakhala atanyamula nsomba zongovuula kumene. Yang'anani m'makha: ngati muli mofiira, gulani, koma nenererani mtengo, poti akaona nambala ya m'tauni amakweza. Ambiri amazimangirira pagalasi la m'mbali kuti zizipitidwa mphepo. Zimathandiza ndithu, komabe musapitirire nazo Nkhotakota zisanalowe mumphika. Kumeneko kaoneni mtengo wa mkuyu umene David Livingstone anakumanirana pansi pake ndi Jumbe.

Mukadutsa minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, kapumuleni ku Chintheche masiku awiri. Mchenga wake ndi woyera mbee! Chakufupi ndi Nkhata Bay, anyamata amagulitsa mipira yopangidwa ndi labala wa m'minda ya Vizara, ana agulireni.

Mafuta thirani paliponse mwawapeza, musadikire thanki itsike. Tengani tayala lapadera, jeke, neti yoteteza udzudzu ndi ndalama zapamanja. Laisensi ndi inshuwalansi zikhale pafupi, apolisi amafunsa pa rodibuloko. M'dzinja, funsani kaye za milatho musananyamuke.