Galu Wobwera Mukamuitana

Makomo ambiri kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi amaweta galu kuti azilondera khola la mbuzi usiku, ndipo oyandikana ndi nkhalango ya Ntchisi amamudalira popirikitsa apusi m'munda wa chimanga. Chodandaulitsa n'chakuti ambiri timamulera ndi ndodo ndi miyala. Galu wotere amaphunzira kuopa dzanja la munthu basi. Alangizi a ziweto akabwera ndi katemera wa chiwewe, mwini wake amalephera kumugwira, galu n'kuthawira kutchire osabayidwa.

Bungwe la WHO limati pafupifupi onse odwala chiwewe amachitenga kwa galu, ndipo kuti chithe m'dera, agalu 70 mwa 100 aliwonse ayenera kubayidwa. Galu wothawa mwini wake ndiye amachepetsa chiwerengerochi.

Yambani kumuphunzitsa kubwera mukamuitana akali kagalu ka miyezi iwiri kapena itatu, ngakhale wamkulu naye amaphunzira mukafatsa. Sungani m'thumba mitu ya usipa, bonya kapena nkhoko za nsima. Asanadye, mutchuleni dzina n'kunena kuti "bwera". Akangofika, mupatseni pompo, kwinaku mukumusisita pakhosi. Mukachedwa, sadziwa chomwe mwamuthokozera. Mphindi 5 zakwana, m'mawa ndi madzulo. Bambo, mayi ndi ana, nonse muzitchula mawu omwewo. Wina akamati "bwera" wina "tiye", galu amasokonezeka. Ndipo chonde musamuitane kuti mumumenye, chifukwa mawa sadzabweranso.

Za galu wodya mazira, ambiri amatidandaulira. Kumukwapula madzulo chifukwa cha mazira omwe anadya m'mawa sikumuphunzitsa kanthu. Kwezani chisa cha nkhuku pomwe sangafike, muzimudyetsa mokwanira, ndipo akadutsa pafupi ndi anapiye osawathamangitsa, mupatseni kausipa.

Akazolowera kubwera, muvekeni chingwe chofewa pakhosi, ayende nacho pakhomo kanthawi kochepa. Kenaka pemphani amfumu malo pabwalo kuti eni agalu obayidwa kale muzikumana kamodzi pa sabata, agaluwo atalikirane, aliyense pachingwe chake, azolowere kumvera pali anthu ndi agalu anzawo. Ana abwere nawo, poti ndiwo amakokera agalu kokabayitsa komanso ndiwo amalumidwa kawirikawiri.

Pa 28 September dziko lonse lapansi limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe. Funsani ku ofesi ya zaulimi tsiku lomwe katemera afike kwanu. Wina akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo.