Phunziro la Mkungudza pa Chambe

Inu amene mumakhala m'munsi mwa phiri la Mulanje, kodi mwana wanu atakufunsani kuti mkungudza ndi mtengo wotani, mungamuonetse kuti? Makolo athu sakanavutika ndi funso limeneli. Akanangoloza kumwamba, ku Chambe. Lero mukhoza kukwera kuchokera pa Likhubula mpaka kukafika m'chidikha cha Chambe osaona mkungudza waukulu ngakhale umodzi. Mudzaona zitsa ndi maenje ochekerapo matabwa.

Mtengo umenewu sumera wokha kwina kuli konse pa dziko lapansi koma pa phiri la Mulanje basi. Akatswiri amautcha Widdringtonia whytei. Matabwa ake amanunkhira bwino, ndipo chiswe sichiwadya. N'chifukwa chake anthu anaukonda pomanga madenga, pokhoma maboti ndi posema ziboliboli. Phirili linakhala nkhalango yotetezedwa ndi boma mu 1927, ndipo mu 1984 mkungudza unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi. Koma macheka sanaleke kulira. Pamene akatswiri anawerenga mitengoyi mu 2017, anapeza ikuluikulu 7 yokha pa phiri lonse.

Tsono pali anthu amene ntchito yao ndi kuphunzitsa za phiri limeneli. Ena ndi alangizi a za nkhalango. Ena ndi a bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust. Enanso ndi aphunzitsi a m'sukulu za pulayimale amene amatsogolera makalabu a zachilengedwe, mothandizana ndi bungwe la WESM. Mwina mwana wanu ali m'kalabu yotere. Musanene kuti akungotaya nthawi poti Loweruka sanapite kudimba. Mufunseni zimene waphunzira.

Chachikulu chimene aphunzitsi amenewa amabwereza ndi ichi: mkungudza suphukira pa chitsa. Taganizani za bulugamu. Mukaudula, mvula ikagwa mupeza mphukira zambiri. Mkungudza ai. Ukadulidwa, wapita. Umayambanso ndi njere basi, ndipo njere zimachokera ku mtengo wokhwima. Nanga mitengo yokhwima ikatha, njere zichokera kuti? Mwamwayi, kale anthu anabzalako mkungudza pa phiri la Zomba. Njere zambiri zimene anafesa m'manazale a ku Mulanje zinachokera kumeneko.

Mdani wina ndi moto. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itayamba, udzu wa pa phiri umakhala gwa! Mlenje mmodzi akayatsa moto kuti atulutse nyama, mbande zonse zimene anthu anasenza pamutu kukwera nazo phiri zimapsa tsiku limodzi. Khungwa la kamtengo kakang'ono silingapirire moto. Nchifukwa chake alangizi amalimbikira kulambula njira zotchingira moto dzuwa lisanafike poopsa. Kubzala n'kosavuta kwenikweni. Chovuta ndi kusamala mtengowo zaka zambiri mpaka utakula. Palinso nsabwe zina za m'mitengo zimene zinafika m'Malawi muno mu 1986, zimene zimayamwa madzi a m'masamba mpaka mtengo kufiira.

Ku Chambe kuli phunziro lina lapadera. Nthawi ya atsamunda, a za nkhalango anabzala paini wochokera ku Mexico m'chidikha chimenechi. Matabwa ake ankatsika ndi chingwe cha waya kupita kumunsi, ku Likhubula. Akuluakulu akuchikumbukira chingwecho, ngakhale chinasiya kugwira ntchito. Paini anakula msanga, inde, koma njere zake zinauluka ndi mphepo n'kumera pali ponse, n'kutsamwitsa mitengo ya chilengedwe. Pambuyo pake panafunika ndalama ndi thukuta kuti amugwetse. Mwaona nanga? Si mtengo uli wonse umene uli woyenera malo ali onse.

Mwina mukuti, "Ine sindidya mkungudza. Zikundikhudza bwanji?" Tayang'anani mtsinje wa Likhubula. Madzi amene mumamwa, kuchapira ndi kuthirira ndiwo zamasamba amachokera pamwamba pomwepo. Kuyambira 2019 madzi omwewo amapita m'mipope mpaka ku Blantyre. Pamene pali mitengo ndi udzu, nthaka imamwa mvula pang'onopang'ono, ndipo mtsinje suuma m'chilimwe. Pamene pali mbee, madzi amathamanga ndi miyala ndi matope. Anthu a ku Phalombe anaziona mu 1991, pamene makolo anati kwadutsa Napolo. Tinazionanso tonse mu Malichi 2023 ndi namondwe wa Freddy. Mitengo siingaletse mvula yoopsa ngati imeneija. Koma phiri lovulidwa limagumuka msanga.

Tisawanyoze anyamata amene amacheka matabwa usiku. Ambiri amatero chifukwa cha njala, ndipo ndalama zenizeni amadya ndi ena a m'tauni. Mphunzitsi wanzeru amadziwa kuti munthu wanjala samva mau okha. Ndiye chifukwa chake kuyambira 2016 magulu a m'midzi yozungulira phiri anaphunzitsidwa kufesa mkungudza m'machubu, n'kumagulitsa mbandezo kuti zikabzalidwe pa phiri. Ambiri a iwo ndi amayi. Amene amadziwa kulemba ndi kuwerenga ndiye amasunga buku la gulu: tsiku lofesa, njere zimene zamera, mbande zimene zafa, ndalama zimene zalowa. Inu mwatsiriza sukulu ya kwacha. Ntchito imeneyi mukhoza kuigwira.

Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala. Isanafike, pitani kwa amfumu kapena ku ofesi ya za nkhalango pa Likhubula, mukafunse za nazale imene muli nayo pafupi.

Kambiranani ndi anzanu: Kodi moto wa pa phiri chaka chatha unayambira mbali iti, ndipo anauzimitsa ndani? Lembani m'kope lanu maina a mitengo imene inalipo m'mudzi mwanu muli ana, imene lero kulibe.