KACHIPANGIZO KOVALA PACHALA

Masiku ano m'zipatala zambiri, mwana akafika akutsokomola ndiponso kupuma mofulumira, azachipatala amamuveka kachipangizo kakang'ono pachala. Dzina lake ndi pulse oximeter, ndipo nzeru yake anaitulukira Takuo Aoyagi, katswiri wa ku Japan, m'zaka za m'ma 1970.

Kodi kamagwira ntchito motani? Kamatulutsa kuwala kumene kumapyola m'chala. Magazi okhala ndi mpweya wabwino wokwanira amafiira kwambiri, pamene operewera mpweyawu amaderako. Kachipangizoka kamazindikira kusiyanaku ndi kuonetsa nambala. Sikabaya, sikapweteka, ndiponso sikatenga magazi m'thupi.

Kwa munthu wathanzi nambalayi imakhala pakati pa 95 ndi 100. Ikatsika pansi pa 90, ndiye kuti thupi likusowa mpweya, monga zimachitikira pa chibayo choopsa. Mwana wotere afunika kupatsidwa mpweya msanga, ngakhale m'maso mwanu akuoneka ngati alibwinoko.

Kuti nambala ikhale yoona, makolo thandizani motere:

1. Fungatirani dzanja la mwana kuti lifunde, pakuti chala chozizira chimasokoneza kachipangizoka.

2. Mugwireni bwino kuti asagwedezeke.

3. Chotsani utoto wopaka m'zikhadabo ngati ulipo.

Azachipatala akakutumizani ku chipatala chachikulu, musabwerere kunyumba kuti mudikire kuche. Nyamukani tsiku lomwelo. Chibayo sichidikira mawa, koma mwana wolandira mpweya ndi mankhwala nthawi yabwino angathe kuchira.