Zomwe Anthu a ku Britain Amapukwa Akakhazikika Kunja

Mawu oyamba

Kwathu kuno tikamva za munthu wopukwa kwawo, maganizo athu amathamangira kwa m'bale wathu amene ali ku Joni, kapena kwa agogo athu aja adapita ku migodi pa Wenela. Kawirikawiri sitiganiza kuti mzungu naye angapukwe. Inenso ndinkati munthu amene ali ndi galimoto, nyumba ya mpanda ndi ndalama yokwerera ndege alibe chomudandaulitsa, akafuna kwawo angonyamuka. Maganizo amenewa adasintha pa tchuthi china pamene ndidapeza ganyu ku Zomba yowerengera mabuku ndi makalata mayi wina wokalamba wa ku Britain, yemwe maso ake adali atayamba kuchita khungu. Mayiyu adabwera kuno ali mtsikana kudzaphunzitsa, ndipo adakwatiwa n'kukhazikika. Anthu ankawatchula kuti Adona, koma ine ndinkawaitana kuti agogo. Mu nkhani ino ndifotokoza zinthu zomwe anthu a ku Britain amazisowa akakhazikika m'maiko ena, pogwiritsa ntchito zomwe ndidaona kwa agogowa komanso zomwe mbiri imatiuza.

Kuchuluka kwa anthuwa

Anthu a ku Britain okhala kunja si ochepa. Mu 2006 bungwe la Institute for Public Policy Research lidapeza kuti anthuwa adalipo pafupifupi 5.5 miliyoni. Mwa iwo, 1.3 miliyoni adali ku Australia ndipo 761,000 adali ku Spain. Ambiri a ku Australia adapitako nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, pamene boma la dzikolo linkafuna antchito. Munthu wamkulu ankalipira mapaundi 10 okha paulendo wonse, ana ankakwera ulere, koma yense amene akadabwerera zaka ziwiri zisadakwane ankayenera kubweza ndalama za ulendowo. Pofika mu 1972 anthu oposa miliyoni imodzi adali atasamuka mwa njirayi. Chodabwitsa n'chakuti pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse adabwerera ku Britain, ngakhale kuti ku Australia adapezako ntchito, nyumba ndi dzuwa lomwe ankalifuna. Funso ndi lakuti, n'chiyani chidawakoka?

Mawu otchulira vutoli

Monga wophunzira zilankhulo, ndiyambe ndi mawu. M'Chichewa timasiyanitsa kusowa, kulakalaka ndi kupukwa. Munthu amasowa mchere, amalakalaka nyama, koma amapukwa amake. Kupukwa kumagwira thupi lonse: mwana wopukwa sadya, sasewera, amangoti ndwii kuyang'ana kunjira. Azungu nawo poyamba ankakuona ngati matenda. Mawu akuti nostalgia adawapeka mu 1688 ndi wophunzira zaudokotala dzina lake Johannes Hofer, polumikiza mawu awiri a Chigiriki otanthauza kubwerera kwanu ndi ululu. Iye ankafotokoza za anthu a ku Switzerland amene ankadwala akakhala kutali ndi kwawo. Anthu a ku Wales, lomwe ndi gawo limodzi la Britain, ali ndi mawu awoawo akuti hiraeth, onena za kupukwa malo amene mwina sungathenso kubwererako. Mu 1865 anthu a ku Wales pafupifupi 150 adakwera sitima yotchedwa Mimosa kupita ku Patagonia m'dziko la Argentina n'cholinga chokasunga chilankhulo chawo, ndipo mpaka lero m'chigawo cha Chubut muli anthu olankhula chilankhulocho.

Chakudya

Chinthu choyamba chomwe anthu a ku Britain amatchula akafunsidwa ndi chakudya. Agogo adali ndi kabotolo ka Marmite komwe ankakasunga ngati mankhwala. Marmite ndi chopaka pa buledi chakuda bii, chamchere kwambiri, chopangidwa kuchokera ku yisiti yotsala pofulula mowa, ndipo adayamba kuchipanga mu 1902 m'tauni ya Burton upon Trent. Tsiku lina adandilawitsa. Ndidameza chifukwa cha ulemu chabe. Iwo adaseka mpaka misozi, kenaka adati: "Mwanawe, chimenechi sichikoma. Koma amayi anga ankandipakira m'mawa uliwonse ndikamapita kusukulu." Mlendo aliyense wochokera ku Britain ankamutuma kabotolo kamodzi, ndipo kakatha ankakapala ndi mpeni mpaka kuyera.

Zoterezi zimachitika kulikonse. Ku Australia ndi ku New Zealand kuli chopaka china cha dzina lomwelo koma chokoma mosiyana, moti cha ku Britain chimagulitsidwa pa dzina lakuti Our Mate. Ku America, chokoleti cha Cadbury chimapangidwa ndi kampani ya Hershey, ndipo anthu a ku Britain okhala kumeneko amadandaula kuti si chimene adakulira. Anthu a ku Scotland amakumbukira mlakatuli wawo Robert Burns pa 25 Januwale chaka chilichonse podya haggis, chakudya chopangidwa ndi mtima, chiwindi ndi mapapo a nkhosa, koma kuyambira mu 1971 malamulo a ku America saloleza chakudya chokhala ndi mapapo. Okhala ku Spain nawo kuyambira mu Januwale 2021 sangathenso kunyamula nyama kapena tchizi m'chikwama pochokera ku Britain, chifukwa dzikolo lidatuluka mu mgwirizano wa European Union.

Tikaonetsetsa, zakudya zomwe amapukwazi si zapamwamba ayi. Ndi tiyi wamkaka, nsomba yokazinga ndi tchipisi, masoseji ndi nyemba za m'chitini. N'chimodzimodzi Mmalawi wa ku Leeds amene amatuma usipa, ufa woyera ndi chambiko pamene ali pakati pa masitolo odzaza ndi zakudya. Chomwe munthu amafuna si kukhuta, koma kukumbuka amene ankamuphikira.

Nyengo ndi maonekedwe a dziko

Chachiwiri ndi nyengo. Apa mpamene pali chodabwitsa, pakuti ambiri amachoka ku Britain pothawa kuzizira ndi mvula yosatha. Komabe pakapita zaka amayamba kuzifuna zomwezo. Agogo ankasangalala kwambiri m'miyezi ya Juni ndi Julayi kukagwa chiperoni. Ife tikamakhala pamoto, iwo ankavala juzi n'kukakhala pakhonde kuyang'ana nkhungu ikutsika m'phiri la Zomba. Ankati chomwe sadachizolowere m'zaka zonsezi ndi kada msanga kwa kuno. Kwathu dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko pafupifupi chaka chonse, ndipo likangolowa mdima umagwa nthawi yomweyo. Ku London m'mwezi wa Juni dzuwa limalowa 9 koloko itadutsa, ndipo kumakhala kukuwalabe kwa nthawi yaitali. Khirisimasi ya m'dzinja lathu, ya thukuta ndi mango, sinkawamvekera ngati Khirisimasi. Ku Australia ena amachita kukonza phwando lina la Khirisimasi m'mwezi wa Julayi, nthawi yomwe kumeneko kumazizira.

Kupukwa kotereku kudasiya zizindikiro pa mapu a dziko lapansi. Mzinda wathu wa Blantyre, womwe udayamba ngati mishoni mu 1876, udatchedwa dzina la tauni ya ku Scotland komwe David Livingstone adabadwira. Dunedin wa ku New Zealand adatenga dzina la Edinburgh m'chilankhulo cha Gaelic, ndipo Nova Scotia wa ku Canada amatanthauza Scotland watsopano. Ena sadalekere pa maina, adanyamula ndi zamoyo zomwe. Pa phiri la Zomba azungu adaika nsomba za mtundu wa trout kuti aziwedza ngati kwawo. Ku Australia, mu 1859, Thomas Austin adamasula akalulu 24 pa famu yake pafupi ndi Geelong kuti azisaka. Akaluluwo adaswana n'kufalikira m'madera ambiri a dzikolo, ndipo adaononga msipu ndi nthaka kwa zaka zochuluka.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kuigwira bwino. Kupukwa kwa munthu wopanda mphamvu kumamupweteka yekha, koma kupukwa kwa munthu wolamulira kumagwera ena. Mtchona wa ku Joni sakadatha kusintha dzina la Johannesburg kuti likhale Dedza. Atsamunda adali ndi mphamvu yomanga kwawo pa malo a eni, kuphatikizapo makalabu momwe eni dziko ankalowamo ngati antchito okha. Agogo sankakana zimenezi. Ankati m'badwo umene udabwera iwo asadafike udali wotanganidwa kukumbuka kwawo moti sudaone bwino komwe udali.

Chilankhulo ndi macheza

Chachitatu ndi chilankhulo. Wina angafunse kuti, kodi munthu wa ku Britain angasowe bwanji chilankhulo ku Australia kapena ku Malawi komwe Chingerezi chimalankhulidwa? Yankho lake ndi lakuti Chingerezi si chimodzi. Agogo adali a ku Yorkshire, kumpoto kwa England, ndipo ankati Chingerezi chomwe ankalankhula nafe chidali cha m'kalasi. Cha kwawo, chokhala ndi katchulidwe kake ndi mawu ake, adalibe wolankhula naye. Ankasowanso nthabwala za kwawo, zonena chinthu motembenuza nkhope ili gwa, kapena kunyoza mnzako chifukwa chomukonda. Nditawauza kuti ifenso timatero pachisuweni, adati kusiyana kwake n'kwakuti ife timadziwa msuweni wathu, pamene iwo adayesapo kuseleula munthu wina kutchalitchi ndipo munthuyo adakwiya mwezi wathunthu. Ambiri amatchulanso pub, nyumba yomwera mowa ya m'dera, yomwe kwa iwo ili ngati bwalo: munthu amalowa yekha n'kupeza omudziwa.

Wailesi yakhala ikuthandiza pa vutoli. BBC idayamba kuulutsa mawu kumaiko akutali mu Disembala 1932, ndipo pa Khirisimasi ya chaka chomwecho Mfumu George V idalankhula kwa anthu ake obalalika m'maiko osiyanasiyana. Masiku ano kuli intaneti ndi WhatsApp. Loweruka lililonse madzulo agogo ankandipempha kuti ndiwawerengere pa foni yanga zotsatira za mpira wa ku England. Poyamba ndinkangowerenga za Arsenal, Liverpool ndi Manchester United, monga timachitira tonse. Iwo adati ndipitirire mpaka matimu ang'onoang'ono. Patapita masabata ndidazindikira kuti mpirawo adalibe nawo ntchito. Ankangofuna kumva maina a matauni: Huddersfield, Barnsley, Rotherham, Carlisle.

Chipatala ndi penshoni

Chachinayi chimabwera ndi ukalamba. Kuyambira mu 1948 dziko la Britain lili ndi ndondomeko ya zaumoyo yotchedwa National Health Service, momwe munthu amaonana ndi dokotala kapena kugonekedwa m'chipatala osalipira. Ufulu umenewu umatsata komwe munthu akukhala, osati pasipoti yake, choncho wosamukiratu amautaya. Penshoni ya boma nayo ili ndi vuto lake. Kwa okhala ku Britain, m'maiko a European Union kapena ku America, imakwera chaka ndi chaka. Kwa okhala ku Australia, Canada, New Zealand, South Africa ndi kuno kwathu, imaima pa mlingo umene munthu adayambira kulandira. Motero munthu amene adachoka ali ndi mphamvu amafika pa zaka 80 ndalama zake zikugula zochepa, thupi likufuna madokotala, ndipo amayamba kuwerengera ngati kuli bwino kubwerera. Apa ndidaona kuti maganizo anga aja akuti mzungu akafuna kwawo amangonyamuka adali olakwika.

Anthu, ndi kwawo komwe kudasintha

Chomaliza, chomwe ndi chachikulu koposa, ndi anthu. Agogo adali ndi mng'ono wawo mmodzi ku Yorkshire amene ankalemberana naye. Tsiku lina kudabwera uthenga wochokera kwa mwana wa mng'ono wawoyo, ndipo woti awerenge ndidali ine. Nditaona mzere woyamba ndidaima. Iwo adati, "Werenga, mwanawe, ndadziwa kale." Nditamaliza adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adati: "Tsopano palibenso munthu wamoyo amene adandiona ndili mwana." Ku maliro sadapite, chifukwa thupi silikadalola ulendo wautali chotero.

Ndidawafunsa tsiku lina ngati adaganizapo zobwerera. Adati adayesapo amuna awo atamwalira, ndipo adakhalako miyezi isanu ndi itatu. Adapeza sukulu yawo itagwetsedwa, tchalitchi chawo chitasanduka nyumba zogonamo anthu, ndipo m'basi palibe amene ankapereka moni. Ali komweko adayamba kupukwa fungo la mvula yoyamba, mbatata yootcha ndi moni wa amayi a mumsika. Adazindikira kuti kwawo komwe ankakupukwa kudali kwa zaka za m'ma 1960, ndipo kumeneko ndege sipita. Izi n'zomwe zidachitikiranso ena mwa aja adabwerera kuchokera ku Australia, amene atakhala pang'ono ku Britain adakweranso sitima kubwerera ku Australia. Ndidakumbukira achimwene awo a agogo anga aamuna, amene adatchona ku Bulawayo zaka zoposa 30. Atabwera adapeza mudzi utasamuka, anzawo onse ali kumanda, ana akuwatcha mlendo. Adakhala dzinja limodzi n'kubwerera.

Mawu omaliza

Akuluakulu adati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Nkhani ya anthu a ku Britain okhala kunja ikutsimikiza mwambiwu, komanso ikutionetsa kuti munthu akakhalitsa kunja amakhala ndi kwawo kuwiri, ndipo kulikonse komwe ali amapukwa kwinako. Taona kuti amayamba ndi kusowa chakudya ndi nyengo, kenaka chilankhulo ndi macheza, ndipo akamakalamba amasowa chisamaliro ndi abale. Kwa ife ophunzira, ambiri mwa ife tikulakalaka kupita ku Britain komweko tikamaliza maphunziro, ndipo si kulakwa, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma ndi bwino kunyamuka tikudziwa kuti mudzi umene tikuusiya sudzaima kutidikira. Agogo aja adasankha kale malo awo pafupi ndi manda a amuna awo ku Zomba. Tsiku lomwe ndinkatsanzika kubwerera kusukulu adandipatsa kabotolo kopanda kanthu ka Marmite kuti ndiziikamo mchere, ndipo ndikadali nako.